Tayi pakhosi, mtima m'mwamba

M'mabanja ambiri kuno kwathu, mwana akalembedwa ntchito kubanki timati wafika. Mphunzitsi timamulemekeza, namwino timamuyamika, msilikali wa ku Cobbe Barracks timamuopa pang'ono, koma wa kubanki timamusirira. Amagwira ntchito pamthunzi, amavala tayi kapena yunifomu yosita bwino, ndipo tsiku lonse manja ake amakhala pa ndalama. Mayi wa ku Chinamwali akamauza anzake kuti "wanga wachiwiri uja ali kubanki", safunikanso kuwonjezera mawu. Onse amadziwa kuti pakhomo pamenepo feteleza sasowa, ndipo maliro akagwa, wogula bokosi amadziwika kale.

N'chifukwa chake nkhani ya lero ndi yovuta kuikamba pagulu. Anyamata ndi atsikana ambiri amene amatimwetulira kuseri kwa galasi lija akugona ndi mantha oti ntchito itha, ndipo alibe woti amuuze. Akadandaula kwa anzawo amene akusakabe ntchito, yankho limakhala lakuti, "Iwe usatiseke, nanga ife tinene chiyani?" Kunyumba ndiye sangayerekeze n'komwe.

Ndili ndi anzanga angapo m'mabanki a m'tauni muno, ena tinkadyera limodzi tili ku Chanco. Sindiwatchula, ngakhalenso mabanki awo. Koma zimene amanena tikakhala pansi zimafanana ngati anachita kupangana. Mphekesera imayamba ndi munthu mmodzi amene wamva kwa dalaivala wa bwana wina kuti kulikulu kwabwera alendo odzaunika kagwiridwe ka ntchito. Pofika masana yazungulira magulu onse a WhatsApp, kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje. Kenaka pamabwera imelo yaulemu kwambiri, yonena za kukonzanso kayendetsedwe ka zinthu, yotsimikizira aliyense kuti palibe chodetsa nkhawa. Mmodzi anandiuza kuti, "Achimwene, imelo ya kulikulu ife timaitsegula ngati envelopu ya zotsatira za magazi." Tinaseka tonse, koma iye anayamba kusiya.

Si imelo yokha imene imawasowetsa tulo. Ndi tizinthu tating'ono tomwe kasitomala sangatione. Mnzawo akasiya ntchito kapena akapuma, pampando pake sipabweranso wina. Ntchito yake imangogawidwa kwa otsala. Makauntala alipo asanu ndi limodzi, otsegula awiri. Achinyamata atsopano akulowa pa kontirakiti ya miyezi yowerengeka, yoti ikatha palibe amene ali ndi mlandu. Ndipo aliyense, ngakhale wowerenga ndalama, wasanduka wotsatsa malonda: tageti ya maakaunti atsopano, tageti ya anthu olembetsa zapafoni. Taganizani, eti, kupatsidwa tageti yokopa makasitomala kuti asiye kubwera pakauntala pako. Ukakwanitsa mwezi uno, bwana akuyamika. Ukapitiriza kukwanitsa, kauntalayo itsala yopanda munthu woimapo.

Wina anena kuti, mantha a chiyani pamene mabanki akusambira m'ndalama? Zoona, phindu lilipo. National Bank yokha inalengeza phindu loposa K100 biliyoni pa chaka cha 2024, ndipo Standard Bank, FDH ndi NBS nawonso akhala akulengeza ziwerengero zonona, pamene enafe kwacha inatigwera kawiri, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma tafunsani kuti phindulo likuchokera kuti. Gawo lalikulu ndi chiwongoladzanja, ndipo wobwereka wamkulu m'dziko muno ndi boma. Kubwereketsa boma mabiliyoni sikufuna mzere wa makauntala ku Zomba. Kumafuna anthu ochepa, kompyuta ndi foni, mu ofesi imodzi ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Choncho banki ikhoza kumanenepa nthambi zake zikuwonda, ngakhale kuti tsiku lolengeza phindu onse amajambulitsa limodzi akumwetulira.

Amene mwapitirira zaka 30 mukukumbukira 2015. Malawi Savings Bank, yomwe inachokera ku banki ya kupositi ndipo inali ndi nthambi mpaka m'maboma akutali, inali ya boma. Inalemedwa ndi ngongole za mabiliyoni zomwe obwereka ena sanabweze, pamene malamulo a Basel II, omwe Reserve Bank inayamba kuwatsatira mu 2014, ankafuna kuti banki iliyonse ikhale ndi mpamba wokwanira. Boma linaigulitsa ku FDH pakati pa mkangano waukulu. Aphungu ena ndi mabungwe anakana, koma zinachitikabe. Chaka chomwecho National Bank inagula Indebank. Mu 2016, mabankiwo ataphatikizidwa, kunapezeka mamanijala awiri pa mpando umodzi, nthambi ziwiri mumsewu umodzi, madipatimenti awiri ochita ntchito imodzi. Anthu ambiri analandira makalata. Wa pakauntala amene anapita kunyumba chaka chimenecho, pa ngongole zosabwezedwa zija sanadyepo ngakhale tambala.

Sizinathere pomwepo. First Merchant Bank inameza Opportunity Bank mu 2017, ndipo iyo yomwe lero ikutchedwa First Capital. Nedbank inachoka m'dziko muno, ntchito zake n'kupita ku MyBucks, yomwe nayonso yasanduka Centenary. Mukayenda m'matauni athu muona nyumba ili yomweyo, penti ndi chikwangwani ndi zomwe zasintha. Kwa kasitomala imeneyo ndi nkhani ya khadi latsopano basi. Kwa wantchito, penti yatsopano imatanthauza miyezi yodikira kuti adziwe dzina lake lili pa mndandanda uti.

Komabe kugulana kwa mabanki kumachitika mwa apo ndi apo. Chimene chikudya ntchito tsiku ndi tsiku chili m'manja mwanu pamene mukuwerenga nkhaniyi. Airtel Money inafika mu 2012, Mpamba wa TNM mu 2013. Mabanki nawonso ali ndi njira zawo, monga Mo626 ya National Bank, komanso maejenti ngati Bank Pafupi ya NBS ndi Banki Pakhomo ya FDH. Lero wophunzira wa ku Chikanda amalipira lendi asanadzuke pabedi, mphunzitsi wa ku Jali kapena ku Mayaka safunikanso kukwera galimoto kubwera m'tauni kudzangotapa malipiro, ndipo anyamata ogulitsa masitiroberi pamsewu wokwera phiri amakupatsani nambala mukati mulibe kashi. Ine sindikulira nazo zimenezi. Mizere ija ya kumapeto kwa mwezi, yokhota mpaka panja padzuwa, palibe amene amailakalaka. Koma tisanamizane: ntchito ya wa pakauntala sinafe, yangosamuka. Yapita kwa mtsikana wokhala pansi pa ambulera yofiira kapena yobiriwira pa depoti kapena pa Mpondabwino, amene amadya komishoni, alibe penshoni, alibe thandizo la kuchipatala, ndipo akaberedwa amalira yekha. Kulandira ndi kupereka ndalama ndi komweko. Chomwe chachotsedwapo ndi chitetezo.

Kunja zinafika kale patali. Mu 2019 Standard Bank ya ku South Africa inalengeza kuti itseka nthambi 91 ndipo ntchito pafupifupi 1,200 zikhudzidwa, chifukwa makasitomala anasamukira pafoni. Mu 2025 banki ya DBS ya ku Singapore inati ichepetsa ntchito za pakontirakiti pafupifupi 4,000 m'zaka zitatu chifukwa cha AI. Kwathu kuno zinthu zimachedwa kufika, kuzima kwa magetsi ndi kuthawa kwa netiweki kumathandiza kuzichedwetsa, koma zimafika ndithu.

Tsono kuchotsedwa ntchito uli ku Zomba kuli ndi ululu wakewake. Mzinda uno kusiyidwa umakudziwa. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, Nyumba ya Malamulo inatsatira m'zaka za m'ma 1990, ndipo zikuluzikulu zomwe zinatsala ndi za boma: yunivesite, asilikali, apolisi, ndende, zipatala, MANEB, ofesi ya kalembera ya NSO. Mafakitale akuluakulu kulibe. Munthu wa digiri ya maakaunti akatuluka m'banki ku Blantyre, amatha kuyenda wapansi ndi ma CV ake kuchokera ku Victoria Avenue mpaka ku Ginnery Corner akugogoda zitseko tsiku lonse. Ku Zomba pofika 10 koloko wamaliza tauni yonse. Chotsala ndi kusamuka, ndipo kusamuka kumatanthauza kuchotsa ana pasukulu, kusiya nyumba yofika pa mawindo ku Matawale, komanso mkazi kapena mwamuna amene ndi namwino pa chipatala chachikulu kuyamba kupempha transifa.

Nthawi zina ndikakwera phiri n'kuima pa Emperor's View, malo omwe anatchedwa choncho chifukwa cha ulendo wa Haile Selassie mu 1965, ndimaganiza kuti umu ndi momwe likulu limaonera nthambi. Pamwamba paja chigwa chonse chimaoneka bwinobwino, mpaka Nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje, koma munthu simungamuone. Pa kompyuta ya kulikulu nthambi ndi kamzere kamodzi: yalowetsa zingati, yadya zingati. Sindikunena kuti mabwana ndi ankhanza. Ambiri nawonso ali ndi wowafinya pamwamba pawo. Ndikungonena kuti kuchokera patali chotero sizioneka kuti mmodzi amene wafufutidwa pa kamzereko amadyetsa mudzi.

Ndiye pali chingwe chimene ambiri sachiona: ngongole. Ubwino waukulu wa ntchito ya kubanki si malipiro, omwe kwa wongoyamba kumene si ochititsa kaso monga timaganizira. Ndi ngongole ya antchito, ya chiwongoladzanja chotsika. Galimoto ija, puloti ija, malata aja, zambiri ndi za ngongole imeneyi. Ntchito ikatha, kawirikawiri kutsika kwa chiwongoladzanjako kumathera pomwepo, ndipo ngongole yotsala imadulidwa ku ndalama zomwe munthu amayembekezera kulandira, kapena imakwera kufika pa mlingo wa kasitomala wamba. Mlingo umenewo tonse tinaulawa Reserve Bank itakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu 2024. Choncho ngati muli kubanki ndipo simunawerengepo ndime ya kontirakiti yanu yonena za ngongole ntchito ikatha, iwerengeni usiku uno mpira usanayambe. Ndimadabwa kuchuluka kwa anthu amene tsiku lililonse amauza makasitomala kuti awerenge asanasayine, koma pepala lawo lomwe sanalitsegulenso chilowereni ntchito.

Lamulo nalo tilidziwe, chifukwa mantha amakula kwambiri pamene munthu sadziwa chomwe ali nacho m'manja. Employment Act ya 2000, monga inasinthidwira mu 2010, imati wochotsedwa chifukwa chochepetsa antchito alandire severance ngati wakwanitsa chaka chimodzi. Kawerengedwe kake nkotere: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi pa chaka chilichonse kuyambira cha 11. Tengani foniyo muwerengere. Wa zaka 3 alandira malipiro a masabata 6. Wa zaka 7, masabata 16, omwe sakwana bwino miyezi inayi. Wa zaka 12, masabata 33. Kuwonjezera apo pali notisi ya mwezi umodzi kwa olipidwa pamwezi, kapena ndalama yake, masiku a tchuthi omwe sanatengedwe, ndi penshoni yomwe bwana amaikako osachepera 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti. Ya penshoniyi simuitenga tsiku lomwelo. Ili ndi nthawi yodikira ndi malamulo ake. Kampani ikhoza kupereka zoposa apa, makamaka ikamapempha ofuna kuchoka mwa kufuna kwawo, koma ichi ndiye chapansi chimene lamulo limakakamiza. Mukachiika pambali pa ngongole ya galimoto, muona chifukwa chake ena amatuluka ndi katoni ya mafayilo ndi kapu ya tiyi basi.

Apa ndi pamene ndimakangana ndi anzanga ena. Mphekesera zikachuluka, ena amafuna kuchoka okha, ati kusiyana n'kudikira kuchititsidwa manyazi. Ngati mwapeza kale ntchito ina yotsimikizika, pitani ndi mtendere. Koma kulemba kalata yosiya ntchito chifukwa cha mantha chabe ndi kupatsa kampani mphatso, pakuti wosiya yekha severance salandira. Chimodzimodzi amene wachotsedwa moyenera chifukwa cholakwa. Choncho nyengo ya mphekesera si nyengo yosewera ndi ndalama za mu till kapena yobwereketsa pasiwedi kwa mnzako. Ndipo amene akuona kuti wachotsedwa mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu yokadandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, komwe nkhani ikakanika imapita ku Industrial Relations Court. Miyezi itatu imatha munthu akadali m'nyumba, atatseka makatani, akuopa maso a aneba.

Pomwe lamulo lathu likutsimphina ndi pa nkhani yokambirana. Pa mlandu wa First Merchant Bank ndi a Eisenhower Mkaka ndi anzawo, omwe anachotsedwa ntchito m'bankiyo, bwalo la Supreme mu 2014 linagamula kuti Employment Act sikakamiza olemba ntchito kukambirana ndi antchito asanawachepetse. Inde, a Mkaka omwewa amene anadzakhala nduna yoona zakunja. Maganizo anga ndi akuti apa pali dzenje loti aphungu alikwirire. Banki imadziwa miyezi yambiri pasadakhale kuti isintha makina kapena itseka nthambi. Makina otere sagulidwa Lachisanu n'kuyamba ntchito Lolemba. Ngati imatha kutichenjeza pafoni kuti ATM sizigwira ntchito Loweruka usiku, ingathenso kuuza munthu amene waitumikira zaka khumi kuti dipatimenti yake yatsala ndi chaka chimodzi, n'kumupatsa mpata wophunzira ntchito ina mkati momwemo. Ntchito zatsopano zilipo: kuteteza makina ku akuba a pa intaneti, kufufuza zachinyengo, kuyang'anira maejenti, kuunika ngongole za alimi ndi mabizinesi ang'onoang'ono. Wa pakauntala amene amadziwa nkhope ndi mbiri za ogulitsa nsomba za ku Kachulu ndi mpunga wa ku Likangala ali ndi chidziwitso chimene kompyuta ya kulikulu ilibe.

Za geni yapambali aliyense akukulangizani kale, sindibwereza. Ndingoti onani zomwe kontirakiti yanu imalola, ndipo musatenge ngongole ina yogulira minibasi chifukwa choti mwamva mphekesera Lachiwiri.

Mawu otsalawa ndi a ife abale. Wa kubanki m'banja tinamusandutsa ATM yosatha ndalama. Fizi ya mphwake, mankhwala a agogo, chitenje cha chinkhoswe, ngakhale mayunitsi a Escom a nyumba yomwe sakhalamo. Pa 25 timayamba kumufulasha ngati nafenso tili pa mndandanda wa malipiro a bankiyo. Akati alibe, timati wayamba kunyada. Nanga munthu wokhalira kugwira ndalama angasowe bwanji? Timaiwala kuti zomwe amawerenga masana si zake, ndipo madzulo zikapanda kukwana, woyankha ndi iye. Ndiye amakhala chete, amabwereka kubanki m'khonde, ena mpaka kwa akatapila, kuti dzina lisagwe. Paja akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma nthawi zina ndife abale amene takhala pakhomo pa unawo.

Mmodzi mwa anzanga aja, mtsikana wa zaka 8 pakauntala, anatopa nazo mu Ogasiti. Anakwera minibasi kupita kwawo, kupitirira Thondwe, n'kukayala zonse pamphasa: malipiro ake enieni, ngongole yotsala, ndi masabata 19 omwe angalandire atachotsedwa lero. Akuti amayi ake analira ngati kalatayo yafika kale. Bambo ake anakhala duu nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwana wanga, ife tinkayesa zonse zili bwino. Feteleza wa chaka chino usatumize matumba anayi, tumiza awiri. Enawo achimwene ako aone chochita."

Ntchito akadali nayo mpaka pano, ndipo maimelo a kulikulu akubwerabe. Mng'ono wake, amene ankayembekezera kupita kusekondale yogonera komweko, walowa yoyendera pafupi ndi kwawo, ndipo akuti mpaka lero sakumulankhula.